Mphenzi inalowera pa waya, madzi analowera pakhomo

Puloti yathu ya ku Machinjiri tinagula mu Ogasiti 2018, udzu wonse utapsa, nthaka ili gwa ngati konkire. Bambo a kunyumba anali ku Joni nthawi imeneyo, choncho kuyendera malo, kukaonekera kwa amfumu, kugula simenti ndi kukangana ndi amisiri zonse zinali pamutu panga. Ine ndine mphunzitsi. Za choko ndimazidziwa, za maziko ndinali mbuli yeniyeni.

Tsiku lokhoma zikhomo, agogo ena a kumtunda anaima ndi mtolo wa nkhuni pamutu n'kumationerera. Atatula mtolowo anandikodola.

"Mwanawe, apa mukufuna kuika chipindapa pankadutsa kakhwawa. Ife tinkabzalapo nzimbe. Madzitu saiwala khwawa."

Ndinawomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo agogo, tamva." Mumtima ndinkati nkhalamba zimangokonda kuopseza. Kakhwawako sindinakaone, chifukwa kanali katakwiririka ndi dothi komanso zidutswa za njerwa zomwe omanga a kumtunda ankataya.

Tinamanga zaka zitatu, ndalama ikabwera timange, ikatha tiime. Pa maziko, a fomani anandipempha kuti, "Madamu, tiwonjezere mizere itatu ya njerwa, nyumbayi ikwere kuposa msewu." Nditawerengera simenti ndi dothi lothira mkati, ndinakana. Ndalama imeneyo ndinaisungira matailosi, siling'i ndi penti, zinthu zomwe mlendo amaona akalowa. Zamagetsi ndinapatsa mnyamata wina wotchipa amene anandipezera mlamu wanga. Kuseri tinaimika nsanja yachitsulo n'kukwezapo thanki ya malita 5,000, ndipo nsanjayo inatalika kuposa denga. Mu Novembala 2021 tinalowa, anzanga akuntchito n'kudzalulutira.

Sitinathe ndi milungu isanu yomwe. Linali Loweruka masana mu Disembala, mvula itangoyamba kuwaza. Ana ankaonera TV, mwana wanga wamkulu ankatsuka mbale pa sinki. Kunang'anima kamodzi, ndipo bingu silinadikire, zinabwera limodzi ngati wina waphulitsa mfuti m'khutu. Ku khitchini kunamveka kukuwa. Mtsikanayo anati dzanja lachita dzanzi mpaka paphewa. M'nyumba monse munali fungo la pulasitiki wopserera. TV, dikoda, firiji yomwe tinali tisanamalize kulipira, matchaja awiri, zonse zinafa nthawi imodzi. Soketi ya pabalaza inada bii.

Madzulo ake malangizo anachuluka kuposa mvula. Ena anati imeneyi ndi yotumiza, nyumba yatsopano siisowa ansanje. Apongozi anga anatumiza uthenga kuti nyumba ikufunika kutsirika. Wina anati ponyani tayala lakale padenga, wina anati muzivundikira magalasi, ana asamavale zofiira kukachita mdima. Sindikuseka aliyense, chifukwa inenso usiku umenewo ndinavundikira galasi la kuchipinda ndi chitenje. Mantha alibe digiri. Koma Lolemba ndinafunsa kuntchito, ndipo anandilozera bambo ena achikulire okhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe lomwe limapereka zilolezo kwa amisiri a zamagetsi.

Bambowa anazungulira nyumba osalankhula, anayang'ana denga, nsanja, waya wochokera pa pholo, kenako anati, "Mayi, mphenzi sinaombe nyumba yanu. Ikanaomba, bwenzi tikukamba zina. Yaomba chapafupi, mwina pholo, mwina mtengo woyandikana ndi mawaya, ndiye mphamvu yake yayenda pa waya n'kulowa kwanu ngati mlendo wodziwa njira. Tandipatsani khasu."

Anakumba pamene panali earth rod, chitsulo chokhomedwa pansi chotsitsira magetsi osochera m'nthaka. Chimene anazula chinandichititsa manyazi: kachitsulo kotalika ngati kuchoka pachigongono kufika kuzala, koonekeratu kuti kanadulidwa ndi sowo, kozikidwa m'zigumu za njerwa, waya wake wongokulungiza popanda chomangira. Mnyamata uja ayenera kuti anagula chitsulo chimodzi n'kuchigawira nyumba zitatu. Ine sindinafunse chifukwa sindinkadziwa n'komwe kuti pansi pamakhala chinthu.

Zomwe anandifotokozera titakhala pakhonde ndizilemba monga ndinazimvera, chifukwa anthu ambiri amasakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Pali mphenzi yogwera panyumba penipeni, ndipo pali mphamvu yobwera pa mawaya mphenzi ikagwa kwina. Chotetezera chimodzi sichigwira ntchito ya chinzake.

Ya panyumba penipeni imafuna chomwe amisiri amati lightning arrestor: ndodo yachitsulo pamalo okwera kwambiri, lamba wa kopa wotsika nayo, ndi zitsulo zokhomedwa pansi. Ndodoyo siithamangitsa mphenzi. Imangoilandira n'kuionetsa njira yachidule yopita m'nthaka, kuti isadzipezere yokha njira kudzera m'mitengo ya denga, m'mapaipi kapena mwa munthu. Mphenzi imodzi imanyamula ma amp zikwi makumi angapo, pomwe pulagi ya ketulo yanu imathera pa 13. N'chifukwa chake waya wamba wa m'nyumba sungagwire ntchitoyi, umasungunuka. Kwathu anagwiritsa lamba wa kopa wa mamilimita 25 m'lifupi ndi 3 kuchindikala, ndipo anatsitsa malamba awiri, ngodya iyi ndi ngodya yoyang'anana nayo. Anakana kuupinda mwamphamvu pa ngodya ya khonde ngakhale ine ndinkafuna ubisike. Anati mphenzi siikhota ngati minibasi, ikapeza kona yakuthwa imadumpha. Denga la malata, nsanja ya thanki ndi dishi anazilumikiza zonse ku lamba yemweyo. Malata paokha saitana mphenzi. Chimene chimaika chinthu pachiswe ndi kutalika ndi kuima pachokha, ndipo pakhomo pathu chotalika chinali nsanja ija, yomwe mapaipi ake amathera pa sinki.

Pansi ndi pomwe pagona nkhani. Zitsulo zokhoma zimagulitsidwa zotalika mita ndi theka kapena kucheperapo pang'ono, ndipo zimalumikizika kuti zilowe mwakuya. Zimafuna dothi lenileni lachinyezi, osati zigumu kapena mchenga wouma. Ngati chimodzi sichikwanira amawonjezera, motalikirana osachepera utali wa chitsulocho. Kukwanira kwake sikuoneka ndi maso, kumayezedwa ndi mita yake, ndipo pa zotetezera mphenzi amafuna ma ohm 10 kapena kutsika apo. Mmisiri amene alibe mita imeneyi akungolota. Za mchere ndi makala zomwe ambiri amathira m'dzenje ndinafunsa. Anati zimatsitsadi nambala tsiku loyeza, koma mchere umadya chitsulo ndipo umasuluka ndi mvula, ndiye pakatha zaka zingapo mumatsala ndi dzimbiri. Ananenetsanso kuti earth ya mphenzi ndi earth ya magetsi a m'nyumba zilumikizidwe pamodzi. Zikakhala payekhapayekha, mphamvu imatha kudumpha kuchoka kwina kupita kwina kudzera m'nyumba momwemo.

Yobwera pa mawaya imafuna surge protector woikidwa mu DB, bokosi lija la ma breaker. Breaker wamba sathandiza, mphenzi imadutsa iye asanaganize n'komwe zogwa. Tima fridge guard ndi TV guard togula m'mashopu n'tabwino magetsi akamakwera ndi kutsika, koma patokha sitingalimbane ndi mphenzi yogwa pafupi. Ndipo zonsezi zimadalira earth yabwino, popanda iyo n'zokongoletsa khoma. Ndinawerengera: surge protector ndi zitsulo zapansi zoyenera sizikanafika ngakhale theka la mtengo wa firiji yomwe inapsa.

Ndisananyamuke kukawaperekeza anaitana ana. Anawaphunzitsa kuwerenga kuchoka pa kung'anima kufika pa bingu: masekondi atatu ndi kilomita imodzi, popeza phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Mukawerenga osafika 30, lowani m'nyumba, ndipo musatuluke mpaka patadutsa mphindi 30 chimvekere bingu lomaliza. M'nyumbamo osasamba, osatsuka mbale, osagwira mpopi, osagwiritsa foni ili pa tchaja, osatsamira mafelemu achitsulo. Zula mapulagi mitambo ikangoda, pamodzi ndi chingwe cha dishi, chifukwa kuzimitsa pa switchi sikukwanira. Anawauzanso chinthu chomwe ine ndinakula ndikumva mosiyana: munthu woombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi. Mgwireni, ngati sakupuma yambani kupsinja pachifuwa, ndipo athamangitsidwe naye kuchipatala.

Ntchito yonseyi sitinaichite pompo. Ndalama inali itathera Khirisimasi ndi fizi, ndiye tinangokonza earth ya m'nyumba n'kuika surge protector. Mvula ikakuona litsiro siikata. Pa 24 Januwale 2022 kunabwera namondwe wa Ana, yemwe anawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kusiya dziko mumdima. Mdima umenewo unatipeza tikukapa madzi.

Madziwo anabwera ndendende momwe agogo aja analozera. Anatsika kumtunda, anafika pa mpanda wathu wa njerwa, ndipo poti mpandawo unalibe bowo ngakhale limodzi, unasanduka damu. Cha m'ma 2 koloko usiku tinamva chiphokoso. Mpanda wa kumtunda, womangira dothi n'kungopaka simenti kunja, unagwa wonse kamodzi, ndipo madzi onse omwe unkasunga anabwera limodzi ndi matope, majumbo ndi matewera a ana a eni ake. Pakhomo lakuseri panalibe chowaletsa, popeza pansi pa nyumba ndi pabwalo zinkasiyana ndi chikhatho chimodzi chokha. Anafika m'akakolo, m'chipinda chija chapakhwawa anafika m'katumba. Matailosi anga okongola aja anali pansi pa thope. Matumba awiri a chimanga, mabuku a sukulu, kabati ya bolodi yomwe inafufuma ngati mkate, zonse zinapita. Chimene ndinachita bwino usiku umenewo n'chimodzi: ndinagwetsa main switch ndisanaponde m'madzi, ngakhale magetsi anali atazima kale, poopa kuti angabwere tili momwemo.

Bambo a kunyumba anaimba m'mawa. Ndinalephera kuyankhula, ndinangowatembenuzira kamera.

Nyumba yomangidwa kale siikwezeka. Mizere itatu ya njerwa yomwe ndinakana mu 2019 sindidzaibwezanso, ndipo amene muli pa maziko panopa, apa ndi pomwe ndikukupemphani mundimvere. Pepala lakuda lija loletsa chinyezi, DPC, liyenera kukhala masentimita osachepera 15 pamwamba pa nthaka ya pabwalo, ndipo amenewo ndi a malo abwinobwino. Pamalo otsetsereka kapena a dambo kwezani kufika m'bondo kapena kupitirira, ndipo muyeze kuchokera pa msewu, pokumbukira kuti misewu ya m'makomboni imakwera chaka ndi chaka anthu akamathira dothi ndi zigumu. Puloti kaioneni mu Febuluwale mvula ikugwa, osati mu Ogasiti. Yang'anani mizere ya thope pa makoma a oyandikana nawo. Mukaona dothi lakuda long'aluka nthawi yadzuwa, mabango, kapena nthochi zobiriwira pomwe kwina kuli gwa, dziwani kuti madzi ali pafupi. Ndipo funsani nkhalamba, osati wogulitsa.

Ife tinayenera kutsitsa bwalo m'malo mokweza nyumba. Chilimwe cha 2022 chonse chinathera pa piki, fosholo ndi wilibala. Tinachotsa dothi kuzungulira nyumba mpaka DPC inaonekera bwino, n'kusalaza kuti bwalo lipendekere kutali ndi khoma. Kuzungulira nyumba tinathira konkire wa mita imodzi m'lifupi, wopendekera kunja, kuti madzi asamakumbe m'tsinde mwa khoma. Pa zitseko zakunja tinamanga kachidutswa kokwera mizere iwiri ya njerwa. N'konyansa, alendo amapunthwapo, koma ndakazolowera. Masoketi a m'chipinda chapakhwawa tinawakweza kufika m'chiuno.

Magata ndinkawaona ngati za anthu olemera mpaka tsiku lomwe ndinawerengera ndekha pa bolodi nthawi yopuma. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga lathu ndi masikweya mita 140. Mvula ya mamilimita 50, yomwe imatha kugwa masana amodzi, ndi malita 7,000, migolo 35 ya malita 200, yonse kukhuthukira m'tsinde mwa maziko. Tinaika magata, paipi ina kupita ku thanki yapansi yochapira, zosefukira kupita mu ngalande.

Ngalande ndiyo inali ntchito yaikulu, komanso ndiyo inabweretsa mkangano. Tinakumba kumtunda kwa puloti, kunja kwa mpanda, yakuya kufika m'bondo, yomangira miyala ndi simenti, kuti igwire madzi asanafike kwathu n'kuwazungulitsa m'mbali. Titangoyamba, bambo a kumunsi anabwera atakwiya.

"Mayi a kwathu, ndiye madzi anuwa mukuwalozetsa kuchipinda kwanga?"

Ankanena zoona. Ndinali nditaganiza za mpanda wanga wokha. Nkhani inapita kwa amfumu, ndipo pamapeto pake makomo asanu ndi limodzi tinasonkha, wina simenti, wina miyala, wina manja, n'kuitsitsa ngalandeyo mpaka kumtsinje motsata njira yakale ya kakhwawa kaja. Agogo aja ndi amene anayenda patsogolo ndi ndodo kutilozera pomwe kankadutsa. M'mbali mwake tinabzala udzu wa vetiva, womwe mizu yake imalowa pansi kwambiri n'kugwira dothi. Mpanda tinaumanganso ndi simenti, nsanamira pafupipafupi, ndipo m'munsi mwake tinaika zidutswa za paipi yaikulu ya chimbudzi ija mamita awiri aliwonse kuti madzi azidutsa. Pakamwa pa mapaipiwo ndinaikapo sefa kuopa makoswe ndi nkhuku za eni.

Pokumba ngalandeyo bambo a zamagetsi aja anabweranso kudzamaliza za padenga, ndipo zitsulo zawo anazikhoma cha kufupi ndi kumene kumakhala chinyezi. Anayeza mu Okutobala mwadala. Anati nthaka youma ndiyo imapereka nambala yoipa, ndiye ikakhoza mu Okutobala, mu Januwale simudandaula. Zitsulo ziwiri zinakana, chachitatu ndi chomwe chinatsitsa nambala kufika pa 8. Anandilembera papepala, tsiku ndi nambala, ndipo pepalalo ndinalimata mkati mwa chitseko cha DB.

Mayeso anabwera mu Malichi 2023. Za namondwe wa Freddy sindikufuna kuzikamba ngati nkhani ya kupambana kwanga. Usiku wa Lamlungu pa 12 Malichi kuchera Lolemba, phiri la Soche linatsitsa matope ndi miyala pa Chilobwe, ndipo m'masiku otsatira zomwezo zinachitika ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Anthu oposa 600 anatsimikizika kuti anafa, ena oposa 500 sanapezeke. Ana ena omwe ndinkawaphunzitsa anataya abale. Palibe ngalande, palibe konkire, palibe vetiva amene akanaimitsa napolo wonyamula miyala yaikulu ngati galimoto. Ngati puloti yanu ili m'tsinde mwa phiri lometedwa mitengo kapena m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, zonse ndalembazi si zanu. Zanu n'kumvera a zanyengo ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, akachenjeza, kutuluka kudakali kowala, ndipo ngati n'kotheka kusamangapo n'komwe.

Kwathu, komwe vuto linali madzi oyenda basi, ngalande inagwira ntchito. Inadzaza mpaka m'milomo, ikulira ngati chigayo masiku atatu, koma m'nyumba simunalowe dontho. Chomwe chinatsala pang'ono kutipweteka ndi nzeru zanga zomwe: sefa uja. Masamba ndi majumbo zinamatirira, mabowo anatsekeka, ndipo usiku wachiwiri ndinaona ndi tochi madzi akukwera m'tsinde mwa mpanda. Ine ndi mwana wanga wamwamuna tinatuluka ndi pulayala n'kuzula sefa yense. Kunalibe mabingu usiku umenewo, kukanakhala kukung'anima sindikanamutulutsa mwana. Makoswe alowe, ndinatero. Pano ndinaika tizitsulo tiwiri toimirira pa bowo lililonse, totalikirana moti tsamba limadutsa.

China chomwe sitinachiganizire ndi dzenje la madzi a kuchimbudzi. Nthaka itakhuta, soak pit inadzaza, ndipo chimbudzi cha m'nyumba chinayamba kubwerera m'mbuyo. Inali nthawi ya kolera yemwe anavuta dziko lonse kuyambira 2022, yemwe anachedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre ndi Lilongwe mu Januwale 2023, ndiye mantha anali aakulu. Tinasiya kugwiritsa chimbudzicho mpaka madzi atatsika, madzi akumwa tinkathira klorini yemwe alangizi a zaumoyo ankagawa, ndipo chitsime cha oyandikana nawo, chomwe chili kumunsi kwa zimbudzi zathu tonse, tinagwirizana kuti chikhale chochapira basi. Pokumba septic, chivundikiro chake chikwere pamwamba pa bwalo, ndipo madzi a padenga asalowemo.

Kopa ali ndi adani ake. Chakumapeto kwa chaka chomwecho ndikusesa kuseri ndinaona kuti lamba wa ngodya ina wadulidwa kuchoka pansi kufika pomwe dzanja la munthu limafika. Analowa liti, sindinamve. Kuopsa kwake n'koti ndodo ya padenga yopanda njira yopita pansi ndi yoipa kuposa kusakhala nayo, chifukwa imalandira mlendo n'kumusiya pakhoma. Titabwezeretsa, mamita awiri a m'munsi tinawalowetsa mu paipi ya pulasitiki yomangirira kukhoma, ndipo lamba yense tinamupaka penti ya mtundu wa khoma kuti asamanyezimire. Tsopano Okutobala aliyense, tisanagule feteleza, ndimazungulira nyumba: kugwedeza malamba, kuyang'ana kazenera ka surge protector ngati kadakali kobiriwira, kuchotsa masamba m'magata, ndipo anyamata a makomo asanu ndi limodzi aja amalowa mu ngalande ndi mafosholo. Zomwe zimatulukamo sizinenedwa pa chakudya.

Tayala la apongozi lija, ndiulule, lili padenga la khitchini yapanja. Analiponya okha atabwera kudzationa, ndipo ine ndinaona kuti kulitsitsa kungabweretse mphenzi ya mtundu wina. Limathandiza kupsinja malata kukachita mphepo.

Mwezi wathawu munthu wina wagula puloti ya kumtunda kwenikweni, pamwamba pa poyambira ngalande yathu. Wayamba ndi mpanda, wa mabuloko, wautali bwino, ndipo wadutsa pakati pa khwawa popanda bowo. Ndinapita kukalankhula ndi amisiri ake, anati abwana ali kunja, iwo angouzidwa kuti amange. Nambala ya abwanawo anandipatsa, ndinatumiza zithunzi za mpanda wathu wa 2022 uli pansi, ndipo uthengawo ukuonetsa kuti anauwerenga. Bambo a kumunsi aja ndi amene akulemba kalata, Loweruka tikakhala kwa amfumu.